Namwali wa M'nkhani za Pafoni: Mawu kwa Olemba ndi Oyankha

Abale anga olankhula Chichewa ndi Chinyanja, kuyambira ku Kasungu ndi ku Chipata mpaka ku Angonia ndi ku Hurungwe, pali mtundu wa zolemba umene akuluakulu osunga chiyankhulo chathu amaulambalala ngati sakuuona, chonsecho ana athu akuuwerenga usiku ndi usiku mpaka moto wa foni kutha. Ndikunena nkhani zachikondi zimene achinyamata amalemba pobwereka anthu a m'mafilimu, a m'masewero a pa wailesi yakanema kapena a m'mabuku a ena, n'kuwapatsa moyo wina. Azungu amazitcha fan fiction. Ife tilibe dzina lokhazikika, choncho ine ndizitcha nkhani zobwereka. Zochuluka mwa izo zimazungulira pa mutu umodzi: chikondi choyamba, ndi usiku umene mtsikana amati wataya unamwali wake. Ndikufuna kuziikira kumbuyo nkhanizi pamaso pa amene akuti zitheretu, komanso ndili ndi mlandu ndi amene amazilemba ndiponso amene amaziombera m'manja. Maganizo anga ndiwakhazika pa dera limodzi, Tengwe, chifukwa kumeneko nkhani imeneyi si yocheza chabe.

Tengwe ndi dera la mafamu a fodya, kapena mapulazi monga amanenera eni ake, m'boma la Hurungwe, chigawo cha Mashonaland West, kufupi ndi tauni ya Karoi. Agogo a anthu ambiri a m'makomboni a kumeneko anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anayenda wapansi, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lofunafuna antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946. Ambiri sanabwererenso, ndipo kwawo anawatcha matchona. Anapita ndi Gule Wamkulu, ndi chinamwali, ndi nyimbo za mpingo, ndipo Chichewa chinamera mizu m'komboni. Kenaka chinafika chaka cha 2000, minda inalandidwa, antchito ochuluka anatsala opanda ntchito ndiponso opanda pogwira. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'Zimbabwe momwemo anadzuka ali alendo m'dziko limene michombo yawo inakwiriridwa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabweza ulemu wina: anatsegulira njira ya unzika ana a anthu ochokera m'maiko oyandikana nawo, ndipo pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, Chewa ndicho chimatchulidwa poyamba.

Kutchulidwa poyamba pa pepala sikuika buku m'manja mwa mwana. Mwana wa ku Tengwe amaphunzira kuwerenga m'Chishona ndi m'Chingerezi. Chichewa amachimva kwa agogo, kumaliro, kutchalitchi, pabwalo la gule ndi m'nyimbo zina za Alick Macheso. Mabuku amene anzake a ku Malawi anakula nawo, a Samuel Josia Ntara, John Gwengwe, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani, iye sanawagwirepo. Tsono mtsikana wa m'komboni akatenga foni n'kulemba chigawo cha nkhani m'Chichewa chake, chosakanikira Chishona, cholemba r pamene ife timalemba l, akuchita chinthu chimene unduna uliwonse sunamuchitire: akupatsa chiyankhulo cha agogo ake malembo. Munthu amene yankho lake loyamba kwa mwana wotere ndi kumudzudzula kalembedwe ka mawu akuthyola mphukira poganiza kuti akupalira. A ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndipo palibe amene anafa nazo.

Enanso amati kubwereka anthu a m'nkhani za ena ndi umbava ndiponso ulesi. Awa ndiwafunse: Kalulu ndi wa yani? Fisi amene ananyengedwa ndi Kalulu m'nthano ya agogo anu ndi yemweyo amene ananyengedwa m'nthano ya agogo anga, koma gogo aliyense ankamuveka malaya akeake. Julius Chongo, pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ankatenga nthano zodziwika kale n'kuziumba mwatsopano mu Poceza m'Madzulo, ndipo palibe amene anamuyesa wakuba. Ngakhale kuyankha kumene n'kwathu. Wofotokoza akati "Padangotero," omvera akapanda kuvomera kuti "Tili tonse," nthano imafera pomwepo. Mwana amene watenga mnyamata ndi mtsikana a m'sewero la ku India limene amaonera pa Zee World n'kuwakhazika pa chitsime cha m'komboni, anzake n'kumamuyankha chigawo ndi chigawo, sakuchita zachilendo. Wangosamutsira bwalo la nthano m'foni.

Mlandu wanga uli pa chimene abwereka pamodzi ndi anthuwo.

Nkhani zobwereka zimene zinatchuka kwambiri padziko lonse zili ndi msana umodzi. Fifty Shades of Grey ya E. L. James, imene inatuluka ngati buku mu 2011, inayamba ngati nkhani yobwereka anthu a mu Twilight ya Stephenie Meyer: mtsikana wosadziwa mwamuna akumana ndi mwamuna wolemera wofuna kumulamulira. After ya Anna Todd inayamba pa Wattpad mu 2013, yobwereka Harry Styles wa gulu loimba la One Direction, ndipo chinsinsi chake chachikulu n'chakuti mnyamatayo anabetcherana ndi anzake kuti adzakhala woyamba kugona ndi mtsikanayo, mpaka anakawaonetsa nsalu ya pabedi ngati umboni. Mtsikanayo pomaliza amamukhululukira. Nkhani imeneyi inawerengedwa ndi anthu miyandamiyanda ndipo mu 2019 inakhala filimu.

Msana womwewo ndiwo wafika m'mafoni athu, utangovala chitenje. Mtsikana ndi wosauka, wofatsa, wopemphera, wosadziwa kanthu. Mwamuna ndi wamkulu kwa iye, ali ndi galimoto, ndi waukali, wagona ndi akazi osawerengeka ndipo onsewo amawanyoza. Amamuzunza mtsikanayo zigawo makumi awiri. Ndiye umafika usiku uja. M'mawa mwamuna aona magazi pa nsalu, agwada, alira, asanduka mwanawankhosa. Awerengi akondwa. Phunziro limene mwana wa zaka 15 watolapo, ngakhale wolembayo sanafune kuphunzitsa kanthu, ndi lakuti thupi lake lili ndi chuma chimodzi chogulitsa kamodzi kokha, ndipo akachipereka kwa mwamuna wankhanza koma wandalama, nkhanzazo zidzasungunuka.

Ku London kapena ku Toronto, wina angati amenewa ndi maloto chabe. Ku Tengwe mwamuna wa m'nkhaniyo alipodi, ndipo ali ndi dzina la ntchito. Kale anali kapitawo, amene kumeneko amati foromani. Blair Rutherford, amene anakhala pakati pa antchito a m'mafamu a Hurungwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 n'kulemba buku lotchedwa Working on the Margins lotuluka mu 2001, anaonetsa mmene moyo wa m'komboni unkayendera pa chifuniro cha mwini famu ndi akapitawo ake koposa pa malamulo a boma, ndiponso mmene ntchito yokhazikika ndi nyumba zinkaperekedwera kwa amuna, akazi n'kumatsalira pa ganyu wa nyengo. Mkazi wofuna denga ankalipeza kudzera mwa mwamuna, n'chifukwa chake maukwati a mapoto, ongolowana popanda ankhoswe, anali ochuluka. Lero eni minda anasintha, koma mwamuna wogwira khomo sanachoke: ndi uyo wolemba aganyu nthawi yothyola fodya, ndi uyo wabwera ndi ndalama za ku okushoni, ndi uyo wa galimoto yopita ku Karoi. Kafukufuku wa boma la Zimbabwe wa MICS wa mu 2019 anapeza kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chokwera kuposa m'tauni. Mtsikana wowerenga nkhani ija sakuwerenga za dziko lakutali. Akuwerenga za munthu amene akumana naye mawa pa njira ya kuchigayo, ndipo nkhaniyo yamuuza kale kuti mkuyu umenewo mulibe nyerere.

Tiyeni tiime pa liwu lenilenilo, pakuti ife ndife anthu okonda mawu. Namwali ndani? M'Chichewa cha makolo, namwali ndi mtsikana amene watha msinkhu, amene ali m'manja mwa anamkungwi kapena watuluka kumene m'tsimba. Liwulo limanena za msinkhu ndi mwambo, za malo a munthu pakati pa anthu anzake. N'chifukwa chake ngakhale mkazi wa pakati poyamba, amene akulangizidwa pa chisamba, amatchedwa namwali, ndipo palibe amene amadabwa. Omasulira Baibulo, a William Murray ndi anzawo amene anatsiriza Buku Lopatulika mu 1922, atafuna liwu la mkazi wosadziwa mwamuna, anatola namwali, popeza ndilo linali pafupi. Kuchokera pamenepo liwu limodzi lasenza akatundu awiri. Pamene agogo akuti "mwana uyu ndi namwali tsopano," akutanthauza kuti wakula, alangizidwe. Pamene wolemba wa pafoni akuti "anali namwali," akutanthauza kachikopa. Tanthauzo lachiwirili likumeza loyamba, ndipo ife amene timati timasunga chiyankhulo tikungoyang'ana.

Ku Hurungwe kwawonjezekanso katundu wachitatu. Achewa ndi anthu a chikamwini: mwamuna ankapita kukakhala kwa mkazi, ana ndi a mbumba ya mayi, mwini mbumba ndi malume, ndipo ng'ombe sizinkalowa pa nkhani ya ukwati. Anansi athu Achishona, kuphatikizapo Akorekore a ku Hurungwe, ali ndi roora, ndipo pa miyambo yawo pali ng'ombe yotchedwa mombe yechimanda, yothokozera makolo kuti mwana wawo anapezeka wosadziwa mwamuna. Mwambo umenewo ndi wawo ndipo ali ndi njira zawo zoumvetsera. Koma mabanja a m'komboni akwatirana ndi anansi awo kwa mibadwo itatu kapena inayi, ndipo mdzukulu wa mtchona tsopano amakula akumva kuti unamwali uli ndi mtengo wowerengeka, kutchalitchi akumva kuti ndi chiyero, pafoni akuwerenga kuti ndi mankhwala ochiritsa mwamuna woipa. Pa mawu atatu onsewa palibe limene likumufunsa iye mwini chimene akufuna.

Pasapezeke wina woganiza kuti ndikuti kale zonse zinali bwino. Mwambo womwewo umene sunkawerengera ng'ombe pa thupi la mtsikana unali ndi fisi m'madera ena, ndipo unkakwatitsa ana akangotuluka m'chinamwali. Amene anawerenga Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la mu 1997 lonena za amayi Achichewa ndi mpingo wa Nkhoma, akudziwa kuti mpingo utaletsa chinamwali n'kuika chilangizo m'malo mwake, unachotsa zina zopweteka koma sunamasule mkazi ku ulamuliro wa amuna. Palibe m'badwo umene uli ndi manja oyera pa nkhaniyi. Chimene ndikukana n'chakuti wolemba wamakono azinamizira makolo chinthu chimene wachitenga kwa E. L. James.

Ndipo za magazi pa nsaluzo, alembi anga, ndi bodza la zaumoyo. Akazi ambiri sataya magazi pa nthawi yoyamba, ndipo palibe sing'anga kapena namkungwi amene angayang'ane thupi n'kudziwa mbiri yake. Mu October 2018 bungwe la World Health Organization pamodzi ndi mabungwe ena a United Nations ananena poyera kuti kuyeza unamwali kulibe maziko m'sayansi ndipo kuyenera kutha. Zimbabwe inaona kale kumene njirayi imapita: kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, Mfumu Makoni ya ku Manicaland inkayezetsa atsikana n'kumapereka ziphaso kwa opambana, ponena kuti ikulimbana ndi Edzi, ndipo aliyense ankaona amene wabwerera chimanjamanja. Lamulo la Domestic Violence Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2007, limaika kuyeza unamwali mokakamiza pa mndandanda wa nkhanza. Nkhani iliyonse imene imathera pa nsalu yamagazi ikubwezeretsa mayeso omwewo kudzera kukhomo la kuseri, ndipo mkazi amene adzalipire ndi uja wosalakwa amene mwamuna wake adzadzuke m'mawa n'kuyang'ana pabedi chifukwa anawerenga kuti ndi mmene zimakhalira.

Pali malire amodzi amene sindikambirana ndi munthu. Mwana wa sukulu salembedwa ali m'chipinda ndi mwamuna kuti awerengi asangalale. Pa 20 January 2016, pa mlandu umene anabweretsa Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, amayi awiri amene analowa m'banja ali ana, khothi loona za malamulo aakulu a Zimbabwe linagamula kuti palibe wokwatira kapena kukwatiwa asanakwane zaka 18. Mu 2022 khothi lomwelo linakana msinkhu wa zaka 16 ngati wovomerezeka kugonana, ndipo mu 2024 lamulo linaukweza kufika pa 18. Malawi anasintha malamulo ake aakulu mu 2017, Mozambique anakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana mu 2019, Zambia anatsatira mu 2023. Maiko onse anayi a anthu athu agwirizana. Chimene wolemba akuchitcha chikondi cha mtsikana wa Form 3 ndi bambo wa galimoto, lamulo likuchitcha kugwirira mwana, ndipo kuchikometsera ndi mawu a ndakatulo sikuchisintha.

Tsopano kwa inu oyankha, pakuti theka la nkhani yobwereka limalembedwa ndi inu. Pa Wattpad wowerenga amatha kuyankha ndime iliyonse payokha. Pa Archive of Our Own, nkhokwe imene okonda nkhani zoterezi anadzimangira okha, wolemba amaika zizindikiro pamwamba zochenjeza za zimene zili m'kati, kuti wosafuna alambalale. Pa WhatsApp, kumene nkhani zathu zambiri zimayenda, zonsezi kulibe. Chigawo chimangogwa m'foni imene mwina akugwiritsa ntchito anthu asanu a nyumba imodzi, wamng'ono ali Grade 6. Ndipo wolemba akayamba kugulitsa zigawo zomaliza pa EcoCash, wolipira ndiye amagwira chiwongolero. Mukamalemba kuti "pitirizani, tikudikira usiku uja," dziwani kuti mukuitanitsa katundu, ndipo adzabwera monga mwaitanitsira.

Oyankha ena ndi aja olusa, amene amangoti zolaula, zachikunja, mwana wopanda mwambo. Awa amaganiza kuti apambana wolembayo akasowa. Sanasowe: wangosamukira ku Chingerezi kapena ku Chishona kumene azakhali ake sangamupeze, ndipo Chichewa chataya mlembi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, osati mokolezera. Namkungwi wabwino sankathamangitsa namwali chifukwa chofunsa za thupi lake. Ankamuyankha mophiphiritsa, ndi nyimbo ndi zizindikiro, mwa njira imene wamkulu amamva zonse koma mwana wongodutsa samva kanthu. Luso limenelo lili m'chiyankhulo chathu chodzaza nkhokwe. Timati "analowa m'nyumba," timati "anadziwana," timati "moto unazima," ndipo wowerenga wanzeru saphonya. Wolemba amene akumasulira liwu ndi liwu zochitika za m'mabuku a Chingerezi akutaya chida chakuthwa n'kutola chobuntha.

Yankho lothandiza ndi lofunsa mafunso a m'kati mwa nkhani, monga mmene ankhoswe amafunsira. Mtsikanayu ali ndi zaka zingati? Pamene anati ayi pa chigawo chachisanu ndi chimodzi, n'chifukwa chiyani nkhani inapitirira ngati wanena inde? Mwamunayu wasintha chifukwa cha chiyani chimene wachita yekha, kupatula chimene waona pa nsalu? Malume ake a mtsikanayu ali kuti? Mnzake uja amene mwamulemba ngati hule chifukwa anakhalapo ndi chibwenzi, analakwira yani? Akatenga pakati, bwanji nkhani ikumutulutsa sukulu, pamene lamulo la maphunziro la Zimbabwe la mu 2020 limaletsa kuchotsa mtsikana chifukwa cha pakati? Mafunso otere samuchititsa manyazi wolemba. Amamuonetsa kuti wina wawerenga mosamala, chimene wolemba aliyense amachilakalaka kuposa mitima yofiira zana limodzi. Ndiwonjezepo kachinthu kamodzi: kubwereka munthu wa m'filimu n'kosiyana ndi kubwereka mwana wa aneba. M'komboni ya nyumba makumi atatu, kusintha chilembo chimodzi cha dzina sikubisa munthu, ndipo nkhani yotero ndi miseche yovala jekete.

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti pothamangira nyumba zosanja za ku Mumbai ndi mabwana a ku Seattle, alembi a ku Tengwe akupondaponda nkhani zimene palibe wina padziko angazilembe. Chikondi choyamba chili pomwepo. Chili pa nazale m'mamawa, pamene awiri akuthirira mbande ndipo wina akuchedwetsa dala ndowa yake. Chili pa balani usiku, mnyamata akusonkhezera moto kuti fodya asapse kapena kuzizira, maso ali ku njira imene mtsikana adzere ndi chakudya cha bambo ake. Chili m'shedi yosankhira fodya, kumene manja amanuka utomoni ndipo anthu awiri angathe kukhala moyang'anana tsiku lonse osalankhulana. Chili pa mnyamata wa Chikorekore amene wakonda mwana wa a Phiri, makolo ake n'kufunsa kuti mtsikanayo mutupo wake ndi chiyani ndipo kwawo n'kuti, iye kwawo kuli manda a agogo ake kuseri kwa famu imene tsopano ili ndi mwini wina. Chili pa tsiku la ukwati wa kwa DC limene lalephereka chifukwa mkwati alibe chitupa, popeza amayi ake analibe, popeza agogo ake anabwera ndi Mthandizi. Chili pa mkangano wa bambo amene akufuna roora monga anansi ake ndi malume amene wabwera kuchokera ku Dedza kudzanena kuti mwana uyu sagulitsidwa. Chili pa mtsikana wa mpingo amene wazindikira mapazi a wokondedwa wake pabwalo la gule, ndipo sangauze munthu.

M'nkhani zonsezi muli mantha, manyazi, kudikira ndi kusankha, zimene ndizo mnofu wa chikondi choyamba, ndipo palibe imodzi imene ikusowa nsalu yamagazi kuti iime. Ilinso ina imene alembi athu amaizemba: ya mnyamata wa zaka 22 amene sanadziwepo mkazi, amene anzake a ku balani amamuseka, ndipo wakonda mayi wa mwana mmodzi amene anathawa ukwati wa mapoto ali ndi zaka 17. Wolemba nkhani imeneyo adzagunda khoma pa chigawo choyamba, pakuti akafuna liwu limodzi lotchulira mnyamatayo monga mmene amatchulira mtsikana kuti namwali, adzapeza kuti ayenera kuzungulira ndi mawu anayi kapena asanu.